Kodi Woopa Mulungu Ndingamudziwe Bwanji?

Kampeni ikangoyamba, pali mawu amene sachoka pakamwa pa anthu: tisankhe mtsogoleri woopa Mulungu. Abusa amatero pa guwa, ansembe amatero pa misa, mashehe amatero Lachisanu, a Public Affairs Committee amatero pa wailesi, ngakhale mnyamata wa kabaza amene sanapondenso m'tchalitchi chibatizidwire amateronso. Ine mawuwa ndimawavomera ndi mtima wonse. Sindifuna kulamulidwa ndi munthu amene saopa kanthu. Chimene chimandisautsa n'chakuti palibe anandiuzapo mmene ndingamudziwire munthu woteroyo ndikaima ndekha m'kachipinda kovotera. Pa pepala paja pamakhala nkhope, dzina ndi chizindikiro cha chipani, basi. Ndine Mkhristu wamba wa pa benchi lakumbuyo, zaubusa sindinaphunzire, ndale ndimazimvera pa wailesi. Ndiye ndati ndifunse, inu odziwa mundithandize.

Kodi timayang'ana mpingo umene munthuyo amapemphera? Ngati ndi choncho, vuto palibe, chifukwa chiyambire 1964 sitinalamulidwepo ndi munthu wosowa kopemphera. Kamuzu anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo sankabisa. Komatu mu 1967 boma lake linaletsa a Mboni za Yehova, mlandu wawo waukulu uli wokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa, ambiri anachotsedwa ntchito, anamenyedwa, ndipo zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, ena ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Zaka 26 anthu akupemphera mobisala m'dziko lolamulidwa ndi mkulu wa mpingo. Ukulu wa mpingo uja unali kuti nthawi yonseyo? Sindikufunsa kuti ndinyoze malemu; misewu, yunivesite ndi likulu la Lilongwe tikuziona tonse. Ndikufunsa chifukwa ngati udindo wa mu mpingo sunatchinjirize a Mboni, ine ndi ana anga ungatitchinjirize bwanji?

Nanga za 1994? Pa 17 Meyi chaka chimenecho, dziko limene anthu ake ambiri ndi Akhristu linasankha Msilamu. A Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, a Chakufwa Chihana 19. Asilamu paokha sakanakwanitsa zimenezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu sakwana 14 pa anthu 100 alionse, pamene Akhristu amapitirira 77. Ndiye kuti amene anaika a Muluzi pa mpando ndi amayi a mvano a ku Mulanje, akatekisiti a ku Zomba, oimba kwaya a Seventh Day a ku Thyolo, pamodzi ndi abale awo a ku Mangochi ndi ku Machinga. Anasiya mkulu wa mpingo n'kutenga wopita ku mzikiti. Kodi analakwa? Ngati analakwa, bwanji sanaitanidwe ku bwalo la mpingo? Ngati sanalakwe, ndiye kuti kuopa Mulungu sikukhala m'nyumba imodzi yokha, ndipo ndikanakonda abusa athu akanamanena zimenezi poyera, osati kungotisiya tiziganizira tokha.

Koma ndikayang'ana mmene zigawo zinavotera pa chisankho chija, mutu umandizungulira kwambiri. Kumwera kunapita kwa wa kumwera, pakati kwa wa pakati, kumpoto kwa wa kumpoto. CCAP ndi mpingo umodzi, koma wa Sinodi ya Blantyre, wa Nkhoma ndi wa Livingstonia analowera kutatu. Akatolika a ku Dedza ndi a ku Balaka ankamva misa imodzimodzi, mawerengo ofanana Lamulungu lomwelo, koma ku bokosi la mavoti anasiyana njira. Kodi ndiye kuti kumudzi n'kwamphamvu kuposa ubatizo? Ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani nthawi ya kampeni za chikhulupiriro timazifuula pa chinkuzamawu, za chigawo n'kumangozinong'ona?

Mu 1999 a Muluzi atapambananso, mizikiti ina kumpoto inatenthedwa. Apa ndiye ndimasowa chonena. Amene anakwiya ankati mavoti abedwa. Chabwino, mlandu wa mavoti uli ndi khoti lake. Nanga mzikiti unalowamo bwanji? Mkeka umene wogulitsa nsomba wosauka amagwadapo unaba voti ya ndani? Mphekesera yoti dziko lisanduka lachisilamu inayenda zaka khumi zonse za ulamuliro uja. Zaka khumizo zinatha, matchalitchi ali chiimire, Khirisimasi ikudyedwabe. Mwa amene ankafalitsa mphekesera ija, ndani anabwerako kudzapepesa?

Ndili ndi anansi anga, bambo achikulire osoka zovala pa khonde la sitolo. Lachisanu dzuwa likamafika pamutu amavundikira makina awo ndi nsalu, n'kutsuka manja, n'kupita kukaswali. Ukawasiyira nsalu, zidutswa zonse zotsala amakubwezera atazikulunga bwinobwino m'nyuzipepala, ngakhale iwe sunaziwerenge ndipo sukanadziwa. Akanaima pa chisankho, kodi ndikanawatchula kuti woopa Mulungu kapena ayi? Mtima wanga umati inde, mosazengereza. Koma ndikudziwa anzanga a m'kwaya amene akanati ayi asanawaone n'komwe, atangomva dzina. Ndani wa ife akumva bwino mawu aja a pa guwa?

Zipani nazo zinaphunzirapo kanthu. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika, Mkatolika, anaima ndi a Cassim Chilumpha, Msilamu. Mu 2019 a Lazarus Chakwera anatenga a Sidik Mia. Mu 2020 a Peter Mutharika anatenga a Atupele Muluzi. N'chinthu chokoma m'maso kuona mtanda ndi mwezi pa nsanja imodzi, ndipo maiko ena akanachisirira. Ndimangofuna kudziwa ngati ndi ubale kapena ndi masamu. Ngati ndi ubale, ndikuthokoza Mulungu. Ngati ndi masamu, ndiye kuti chikhulupiriro cha anansi anga aja chimawerengedwa ngati mulu wa mavoti, ndipo changa chimodzimodzi.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi ichi. Chaka cha chisankho, mpingo wathu unakonza Paper Sunday yotolera ndalama za denga. Komiti inaitana mmodzi wa opikisana kuti akhale mlendo wolemekezeka. Kutacha, anyamata ananyamula sofa ya kunyumba kwa abusa, n'kukaiika kutsogolo pambali pa guwa, amayi n'kuyalapo nsalu yoyera yoluka m'mbali. Mapemphero athu amayamba mmamawa, koma tsiku limenelo kwaya inaimba, n'kuimbanso, n'kubwereza zomwe inaimba kale, ana mpaka kuyamba kulira njala. Galimoto zitalowa pa bwalo, makosi onse anatembenukira ku khomo. Anyamata ovala makaka a chipani anatsala panja pa mthunzi wa mango, sanalowe. Mlendoyo anagwada, anatsinzina, anaimba nafe nyimbo ya m'buku osayang'anamo, ndipo kunena zoona zinandikhudza, chifukwa nyimbo yotero munthu saiphunzira usiku umodzi. Atapatsidwa maikolofoni anati sanabwere kudzachita ndale, abwera ngati mwana wa mu mpingo. Kenaka anakhudzako za msewu wathu ndi za feteleza, n'kupereka envulopu. Alembi a mpingo anatchula ndalamazo mokweza, kawiri, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Patsogolo panga panali agogo ena amene anamasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje ndi mano, n'kutulutsamo ma K200 awiri opindapinda, n'kuwaongola pa bondo asanawaponye m'mbale. Awo palibe anawatchula.

Kuyambira tsiku limenelo ndili ndi mafunso amene sindinawapezere poyankhidwa. Envulopu ija inali chopereka kapena inali kampeni? Ngati inali chopereka, bwanji inalengezedwa, pamene Ambuye Yesu anatiphunzitsa kupereka mwamseri, ndipo amene anamuyamikira m'kachisi anali mayi wamasiye wa timakobiri tiwiri? Ngati inali kampeni, inafika bwanji pa guwa? Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa ovota. Kodi ndalama ikalowa pa khomo la tchalitchi imasiya kukhala yokopera? Ndipo inachokera kuti? Agogo aja tikudziwa kuti anagulitsa masamba kapena nkhuni. Za mlendo uja palibe anafunsa, ndipo aliyense akanafunsa akanaoneka wamwano. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Mlendo wathu anaika chiyani pakati pathu, ndipo adzabwera liti kudzatenga?

Sabata yotsatira tinamuona pa kanema ali ku mpingo wina. Loweruka anali ndi a Seventh Day. Pa Idi anavala mkanjo ndi kofiya. Sindikuti n'kulakwa kuchezera anthu onse. Amene akufuna kukhala tate wa dziko ayenera kulowa m'nyumba zonse. Koma bwanji maulendo amenewa amachuluka chaka cha chisankho chokha? Denga limadontha chaka chilichonse.

Ndiye kunabwera mbusa weniweni, osati wongobwereka guwa. A Chakwera anatsogolera mpingo wa Malawi Assemblies of God kuyambira 1989 mpaka 2013, pamene anatula pansi udindowo n'kusankhidwa kutsogolera chipani cha MCP. Analephera mu 2014. Chisankho cha 2019 khoti linachifafaniza pa 3 Febuluwale 2020, ndipo pa 23 Juni chaka chomwecho anapambana ndi mavoti pafupifupi 59 pa 100 alionse, ali pamodzi ndi malemu a Saulos Chilima, Mkatolika wodziwika ndi kupemphera. Amene akukumbukira nyengo imene ija adziwa mmene mawu a m'Baibulo anadzazira misonkhano. Tinkatuluka mu Iguputo, tinkapita ku Kenani. Ntchito miliyoni imodzi, kudya katatu pa tsiku, thumba la feteleza pa K4,495. Anthu ambiri amene ndimawadziwa anavota akunena kuti ulendo uno tayesako munthu wa Mulungu, ndipo ankanena misozi ili m'maso, osati mwachibwana.

Zimene zinatsatira tonse tinaziona m'thumba. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mizere ya mafuta inagona pa mafilingi siteshoni, shuga anasowa, chimanga chinakwera. Kunagwanso zimene palibe munthu akanaziletsa: Covid, nkhondo ya ku Ukraine imene inakweza feteleza, namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mu Febuluwale 2024 maepiskopi a Katolika analemba kalata imene inati m'malo mofika ku dziko lolonjezedwa, tafika ku Bagamoyo, doko lija la ku Tanzania kumene akapolo ankatayira chiyembekezo. Pa 16 Sepitembala 2025 anthu omwe aja anapita kukavota, a Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Chakwera 33.

Apa mafunso amandichulukira, ndipo ndikupempha mundipirire. Kodi mu 2020 anthu anavotera ubusa, kapena anavotera mkwiyo wa chisankho chija cha 2019? Ngati anavotera ubusa, mu 2025 ubusawo unali utachoka? Munthuyo ndi yemweyo, Baibulo lake ndi lomwelo, kapempheredwe kake sikanasinthe. Ndiye kuti chimene chinasintha ndi mtengo wa thumba la ufa. Kodi tivomere kuti pamapeto pake timavota ndi m'mimba? Sindikuona chochititsa manyazi pamenepo, pakuti mayi amene ana ake agona ndi njala sanachimwe posankha ndi m'mimba. Chimene sindikumvetsa n'chakuti, ngati zoona zake ndi zimenezi, timavutikiranji kulowetsa dzina la Mulungu pa nsanja?

Pali china chimene chimandiwawa kwambiri. Wandale wamba akalonjeza n'kulephera, timati wandale wanama, nkhani yathera pomwepo. Koma lonjezo likavekedwa mawu a Kenani n'kulephereka, amene amanyozeka ndani? Ndinamva achinyamata m'minibasi akuseka, osati chipani, koma abusa onse, mapemphero onse, ngati kuti Mulungu ndiye anasaina ndondomeko ya chuma. Mwana amene wasiya kupita ku tchalitchi chifukwa cha mtengo wa sopo, mlandu wake tiupereke kwa yani? Ndiponso pa zaka zisanu zija ndinaona Akhristu ena akuopa kudandaula, akuti munthu wodzozedwa sadzudzulidwa. Kodi amene timamulipira ndi misonkho yathu, n'kumulemba ntchito ndi voti yathu, tingalephere kumufunsa chifukwa choti kale anali pa guwa? Tikamulankhula tizimutchula kuti abusa kapena bwana pulezidenti, ndipo ndi uti mwa awiriwa amene tingamufunse za mafuta?

Koma ndisabise chimene ndinaona chokoma. Pa 24 Sepitembala 2025, bungwe la zisankho lisanalengeze n'komwe zotsatira, a Chakwera anayankhula ku mtundu wonse n'kuvomera kuti agonja, ndipo anali ataimbira kale foni mnzawoyo. Asilikali anali m'manja mwawo, apolisi m'manja mwawo, koma anasiya mpando mwamtendere. Mu Africa muno si onse amatero. Kodi pamenepa ndi pamene chikhulupiriro chinaonekera? Ngati ndi pomwepo, ndiye kuti kuopa Mulungu kwa mtsogoleri timakuona akamatuluka, pamene ife timafuna kukudziwa asanalowe. Komabe Kamuzu nayenso anavomera kugonja mu 1994, yemwe uja wa a Mboni. Ndiye ndiwerengere chiti, ndisiye chiti?

Za aneneri ndingofunsa limodzi. Chisankho chilichonse kumatuluka olosera, wina akuti Mulungu wamuonetsa uyu, wina akuti wamuonetsa uyo. Wopambana amakhala mmodzi. Amene analosera zosachitika aja, Lamulungu lotsatira amawauza chiyani anthu awo, ndipo bwanji anthuwo amabwereranso?

Abale athu a ku Zambia anapita patali kuposa ife. Pa 29 Disembala 1991 a Frederick Chiluba, atangolowa kumene m'boma, analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dzikolo. A Chiluba omwewo mu 2001 anafuna kusintha malamulo kuti alamulire kachitatu, ndipo mipingo ya kumeneko inali patsogolo kuwakaniza, monga mmene mipingo ya kuno inakanizira a Muluzi mu 2002. Mu 2007 khoti la ku London linawapeza ndi mlandu wosowetsa ndalama za boma zokwana madola 46 miliyoni, ngakhale khoti la ku Lusaka linawamasula mu 2009. Kodi dziko limabatizidwa? Likabatizidwa, chimasintha n'chiyani ku nthambi yogula mankhwala a m'zipatala? Ndipo taonani zimene zinawachitikira a Hakainde Hichilema. Iwo ndi a mpingo wa Seventh Day, koma kwa zaka zambiri adani awo ankawanena kuti ndi a satana. Analephera kasanu, n'kudzapambana mu Ogasiti 2021 ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi kuposa a Edgar Lungu. Munthu akanenedwa kuti waba, angathe kuonetsa malisiti. Akanenedwa kuti ndi wa satana, aonetse chiyani? Ndipo Mkhristu amene amafalitsa nkhani yotero pa WhatsApp alibe umboni, lamulo lija loletsa kunamizira mnzako amaliika pati?

Ndinamvanso za ku America, ndipo zinandidabwitsa chifukwa kumeneko nkhani inayenda chobwerera. Mu 1928 Mkatolika wina, Al Smith, analephera chisankho, anthu ambiri akuopa kuti dziko lizilamulidwa kuchokera ku Roma. Mu 1960 John F. Kennedy, nayenso Mkatolika, anakaima pamaso pa abusa a mipingo ya Chipulotesitanti ku Houston pa 12 Sepitembala, kukawatsimikizira kuti akadzalowa m'boma mpingo wake sudzamuuza zochita. Anapambana mwapang'onong'ono. Iye anapempha voti polonjeza kuti chipembedzo chake sichidzalowerera ntchito, athu amapempha voti polonjeza kuti chidzalowerera. Cholondola n'chiti? Ine lonjezo la Kennedy limandikhazika mtima pansi ndikaganiza za anansi anga osoka zovala aja, chifukwa pulezidenti ndi wawonso. Koma limandisowetsanso mtendere, chifukwa sindifuna mtsogoleri amene amavula chikumbumtima chake pa geti la State House. Ndikufuna kuti pamene akusaina kontrakiti ya feteleza, pakhale wina amene akumuopa ngakhale chitseko chili chotseka. Kodi pali njira yoti munthu alowe ndi chikumbumtima, koma mpingo wake autsazike panja?

Malamulo aakulu a dziko lathu akuoneka ngati anaganizapo. Gawo 80 limati wofuna upulezidenti akhale nzika ya Malawi ndipo akhale atakwanitsa zaka 35. Za mpingo mulibe. Gawo 33 limapatsa aliyense ufulu wa chipembedzo ndi wa chikumbumtima. Amene analemba zimenezi mu 1994 ambiri anali anthu opemphera, ndipo chiletso cha a Mboni chinali chitangochotsedwa kumene. Kodi anaiwala kulembamo zoti akhale woopa Mulungu, kapena anadziwa kuti chinthu chimenecho palibe kalata imene ingachitsimikize?

Ndikafunsa achikulire kuti ndi liti pamene chikhulupiriro chinalithandizadi dziko lino pa ndale, pafupifupi onse amatchula tsiku limodzi: 8 Malichi 1992. Lamulungu limenelo kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Inakamba za malipiro ochepa a anthu ogwira ntchito, za masukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Boma linati kalatayo ndi youkira. Maepiskopi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, anaitanidwa ku polisi. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inayatsidwa moto. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, mmene munakhala Akhristu ndi Asilamu pamodzi, ndipo pa 14 Juni 1993 riferendamu inabweretsa matipate. Chimene ndimachiona pa nkhani imeneyi n'chakuti mwa onse amene anasaina kalata ija, panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankafuna voti. Sanapemphe mpando, ndipo anaika moyo wawo pachiswe. Chimodzimodzi mu Ogasiti 2011, patangopita mwezi anthu 20 ataphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi, malemu Ambuye Joseph Zuza analalikira pa mapemphero a dziko lonse ku Blantyre, a Bingu atakhala pomwepo, n'kudzudzula mtima wodziona ngati wanzeru ndiwe wekha. Mkatolika kudzudzula Mkatolika mnzake, pamaso pa mtundu wonse. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Kodi si ndiye kuti malo a chikhulupiriro pa ndale ndi amenewa, moyang'anizana ndi mpando osati pa mpandopo? Mfumu Davide atachimwa, amene anamuuza zoona anali mneneri Natani. Natani akanakhala kuti chaka chathachi analandira malata ndi simenti kuchokera kwa Davide, mawu aja akanatuluka? Ndikufunsa chifukwa ndikuona mipingo imene inalandira maenvulopu ikuvutika kuyankhula pamene mlendo wawo uja walowa m'boma, ndipo imene sinalandire ikayankhula imanenedwa kuti ndi nsanje.

Ndikakwera minibasi, zimandisangalatsa kuona vesi lolembedwa pa galasi lakumbuyo. Koma ndimayang'ananso matayala, ndipo ndimanunkhiza ngati dalaivala sanamwe. Pa chisankho matayala ndi ati? Ndikuganiza kuti ena tingathe kuwaona ndithu. Kodi munthuyu anaulula chuma chake monga lamulo limanenera, ndipo chikugwirizana ndi malipiro ake? Pamene mbale wake kapena nduna yake yapamtima inagwidwa ndi katangale, iye anatani? Antchito ake a pa famu ndi a pakhomo amawalipira pa nthawi yake? Anavomerapo kulakwa pa gulu? Anyamata ake akamenya a chipani china, amawadzudzula kapena amawagulira mowa? Mafunso amenewa angayankhidwe ndi Mkatolika, Msilamu, wa Pentekosite, ngakhale wosapemphera. Bwanji sindimawamva akufunsidwa pa Paper Sunday, pamene mlendo wakhala pa sofa ndipo mpingo wonse ukumuona? Mwina wina anganene kuti m'tchalitchi si malo ofunsira zotero. Nanga ndi malo olandirira envulopu?

Komabe sindikufuna kuweruza akuluakulu a mpingo wanga ngati kuti nkhaniyi ndi yapafupi. Denga lathu linkadonthadi. Mvula ikagwa ana a Sande Sukulu ankaunjikana pa ngodya imodzi. Akhristu athu ambiri ndi a maganyu ndi ogulitsa tomato, ndipo ndalama zimene mlendo anapereka tsiku limodzi ife tikanazitolera zaka zingapo. Malata amene anagulidwa ndi envulopu ija sadontha, ndipo inenso ndimakhala pansi pake Lamulungu lililonse. Chisankho china chikubwera mu 2030, ndipo tisanafike kumeneko komiti idzakhalanso pansi, wina adzaimika dzanja n'kunena kuti tiitane wakutiwakuti, chifukwa nyumba ya abusa yang'ambika khoma ndipo zimbudzi zadzadza. Inu abusa, inu ansembe, inu mashehe, inu amene mumatiuza kuti tisankhe woopa Mulungu, tsiku limenelo ine ndikaimike dzanja kuvomera kapena kukana? Ndikakana, khomalo amange ndani? Ndikavomera, ndipo mlendoyo akapambana n'kuyamba kulakwitsa, mudzatha kumuuza?